Mganda: bandi ya asilikali yomwe inakwera mapiri a ku Ntchisi

Mwezi wa Ogasiti chaka chatha ndinali kwathu ku Ntchisi, kuja netiweki imagwira ukakwera pachulu. Mphwanga anandionetsa kavidiyo pa TikTok: ophunzira a pa yunivesite ya Florida A&M ku America akuguba pabwalo la mpira nthawi yopumulira, malipenga m'mwamba, ng'oma zikulira, miyendo ikunyamuka pamodzi ngati ya munthu mmodzi.

"Achimwene, izi ndiye zinthu, osati za kunozi," anatero.

Agogo aamuna, omwe ankasoka mphasa pakhonde, anapempha foniyo. Anayang'anitsitsa, kenaka n'kuibweza. "Mganda uwu," anatero. "Kungoti anzathuwa ali ndi ndalama."

Tinaseka mpaka misozi. Koma nditabwerera ku Lilongwe n'kuyamba kufufuza, ndinapeza kuti agogo sanaphonye. Magule awiriwa ndi pachibale, ndipo kholo lawo ndi bandi ya asilikali.

Tiyambe ndi a ku America aja. M'zaka za m'ma 1800, makoleji ambiri kumeneko ankaphunzitsa anyamata perete, ndipo perete amafuna bandi. Mpira wawo wogwira ndi manja uja utatchuka, mabandiwo anausatira kubwalo. Bandi ya Notre Dame inaimba pa masewero oyamba a timu ya sukuluyo mu 1887. Mu 1907 bandi ya Purdue inasiya mizere ya chisilikali n'kuima mojambula chilembo cha P. Ndipo kuyambira 1946, William P. Foster anayamba kusula bandi ya Florida A&M, sukulu ya anthu akuda, yomwe inadzatchuka polowetsa kuvina m'kuguba. Ndi zomwe mphwanga amagoma nazo zija.

Wathuwu unadzera njira ina. Cha m'ma 1890, anyamata a ku Mombasa ndi Lamu, m'mphepete mwa nyanja ya mchere, ankaonerera mabandi a asilikali a Azungu. Anayambitsa magulu awo opikisana, okhala ndi maudindo ndi yunifolomu, n'kutcha gule wawo beni, dzina lochokera ku mawu akuti bandi. Mbiri imeneyi anailemba Terence Ranger m'buku lake la mu 1975.

Kenaka kunabwera nkhondo. Mu Seputembala 1914 Angerezi ndi Ajeremani anamenyana ku Karonga, ndipo nkhondoyo inapitirira ku Tanganyika ndi ku Mozambique mpaka Novembala 1918. Makolo athu anaitcha Nkhondo ya Chiwaya, potengera kulira kwa mfuti ija. Dziko la Nyasaland linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, anthu osenza chakudya ndi zipolopolo pamutu, ambiri mwa iwo ochita kugwidwa. John Chilembwe analemba kalata yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza, koma kulemba anthu sikunaleke. Ochuluka anafa ndi njala ndi matenda, osati chipolopolo.

Amene anapulumuka sanabwere ndi chuma. Anabwera ndi zomwe maso anaona ndi zomwe makutu anamva. Gule uja anafalikira n'kusintha malinga ndi malo: beni kwa Ayao ku Mangochi ndi Machinga, malipenga kwa Atonga ku Nkhata Bay ndi ku Likoma, mganda kuno pakati, ku Nkhotakota, Ntchisi, Dowa ndi Kasungu. Ku migodi ya Copperbelt kunatchuka mbale wake wotchedwa kalela.

Ngati munakulira ku Mponela, Madisi kapena Malomo, mukuudziwa mganda. Amuna m'mizere, malaya oyera, kabudula woyera wositidwa mpaka mpeni, sokosi zofika m'maondo. Ng'oma yaikulu yoomba ndi chibonga, ina yaing'ono pambali. Ndiye pali badza: mphonda youma yoboola, pakabowo atamatapo nembanemba ya kangaude, kapena kapepala ka pulasitiki masiku ano. Munthu amaimbira m'menemo, mawu n'kutuluka onjenjemera ngati lipenga lamkuwa. Lipenga lenileni linali la boma la atsamunda. Ife tinalima lathu kumunda.

Gulu la mganda limatchedwanso boma, ndipo limakhala ndi Kingi, kapitawo, sajeni, ngakhale dokotala woyendera mizere kuona ngati ovina ali aukhondo. Anthu akakolola, boma la mudzi wina limaitana linzake, n'kupikisana pabwalo, khamu n'kugamula ndi nthungululu.

Apa mpamene nkhaniyi inandigwira mtima. Agogo anandiuza kuti bambo awo anali mtengatenga. Taganizani munthu amene anayenda miyezi ndi katundu pamutu, opanda nsapato, akukalipiridwa m'chilankhulo chachilendo. Wafika kwawo, wavala zoyera mbee, waima kutsogolo kwa mzere, anthu akumutcha Kingi. Ena amati kunali kungotsanzira Azungu, ena amati kunali kuwanyogodola. Ine ndikuona kuti munthuyo ankadzibwezera ulemu womwe anamulanda, ndipo ankachita zimenezo mudzi wonse ukuona.

Kusiyana kwa ife ndi Amereka aja si luso ayi. Iwo gule wawo anamupatsa nyumba m'sukulu: aphunzitsi, zipangizo, ndi bwalo lodzadza Loweruka lililonse la nyengo ya mpira. Wathu amadalira kuti anyamata akhalepo pamudzi. Boma la agogo latsala ndi amuna ochepa, ambiri a imvi. Anzanga omwe akadalowa m'mizere ali ku Joni, ena akupalasa kabaza m'tauni. Ineyo ndinakhala zaka zinayi pa koleji, ndipo za mganda ndinayamba kuziwerenga m'buku la Mzungu ndisanafunsepo munthu amene ndimadya naye mbale imodzi. Manyazi ake sanandichoke.

Pa Khirisimasi ndinabwereranso. Agogo anatsitsa badza lawo kudenga, lakuda ndi mwaye, n'kumatapo kapepala ka shuga. Ataliomba, nkhuku zinabalalika, ana a pamudzi n'kuthamangira pakhomo. Mphwanga yemwe uja ndiye anajambula vidiyo, ndipo pano akuvutitsa ahedi a pasukulu pawo kuti timu ikamasewera, nthawi yopumulira muzilowa mganda.

Nanunso mukapita kumudzi, yang'anani kudenga kwa agogo. Mukapeza mphonda yoboola, musaiyese chikho chakutha. Afunseni kuti boma lawo linkatchedwa chiyani, ndipo Kingi anali ndani.