Mpweya wa m'Ng'anjo: Mbiri ya Osula Zitsulo ku Petauke ndi Nyimba

M'maiko ozizira monga Canada nyumba zambiri zili ndi ng'anjo yotenthetsera zipinda. Chokupizira cha magetsi chimakankha mpweya wotentha m'mapaipi a malata opita kuchipinda chilichonse, ndipo kuyala mapaipiwo ndi kulumikiza mawaya ake ndi ntchito ya mmisiri wophunzira. Ku Petauke ndi ku Nyimba, kumene kutentha kwa m'chigwa cha Luangwa kumatikwanira kale, palibe amene amasowa makina otere. Koma luso lomwelo, lolondolera mpweya m'mapaipi kuti moto uchite zofuna munthu, ndi lakale kwambiri kuno. Ansenga ndi Achewa ankatulutsa chitsulo m'miyala ndi luso limeneli, ndipo ndikukhulupirira kuti silinafe chifukwa chochepa mphamvu. Linafa chifukwa nkhondo, msonkho ndi malonda zinabalalitsa anthu amene ankaligwira pamodzi.

Umboni wa ukalamba wake uli m'nthaka. David Phillipson, amene anafukula malo akale m'chigawo cha Kum'mawa ndi kufalitsa zimene anapeza mu 1976, anaona zizindikiro za ntchito yachitsulo pa Kamnama zosonyeza kuti anthu ankayenga chitsulo zaka zoposa 1,500 zapitazo. Alendo a pambuyo pake anaona ndi maso awo. António Gamitto, amene ananyamuka ku Tete mu 1831 pa ulendo wopita kwa mfumu Kazembe, analemba za Amaravi oyenga chitsulo ndi kusula makasu ndi nkhwangwa, ndipo makasuwo anali katundu wamalonda wofika ku Tete. David Livingstone, potsika ndi Zambezi kudutsa pa Zumbo mu 1856, anamva mbiri ya dziko la Senga kumpoto kwa mtsinjewo kuti lili ndi chitsulo chambiri ndi anthu odziwa kuchigwira. Wina anganene kuti malo awa si Petauke yeniyeni. Koma malire a maboma ndi adzana chabe. Dziko la Ansenga linali m'gulu la maiko ogonjera mfumu Undi, ndipo njira za malonda zochokera ku Zumbo ndi ku Tete zinkapyola momwemo.

Amene amayesa ntchitoyi yachikale chopanda nzeru sanaganizire zimene zimachitika m'kati mwa ng'anjo. Chitsulo chimasungunuka pa madigiri 1,538, ndipo ng'anjo yadothi sinkafika pamenepo. Sinkafunikanso kufikapo. Pa madigiri pafupifupi 1,200 mpweya wotuluka m'makala oyaka umalanda okosijeni m'mwala wachitsulo, zinyalala za mwalawo zimasungunuka n'kutsikira pansi, ndipo chotsala ndi chibuma cha chitsulo chimene wosula amachimenya pa chipala mpaka chiyere. Chinsinsi chonse chili pa muyeso wa mpweya. Ukachepa, moto umazirala ndipo mwala umatuluka uli mwala. Ukachuluka, chitsulo chimene chayamba kupangika chimapsa n'kulowa m'zinyalala, thukuta la masiku ambiri n'kupita pachabe. N'chifukwa chake mapaipi adothi olowetsa mpweya ankaumbidwa mosamala, ndi dothi losankhidwa lopirira moto, ndipo ovukuta mvukuto wachikopa ankasunga kugunda kumodzi osafulumira, osazengereza, monga amayi osinja mtondo umodzi. Ku Kasungu, kumene David Killick anafufuza ntchitoyi pakati pa Achewa, kunali ng'anjo zazitali zokoka mpweya zokha popanda mvukuto, monga chumuni chimachitira, ndiponso zing'onozing'ono zovukutira. Munthu wodziwa kugwiritsa ntchito njira ziwirizi, wopanda chida choyezera kutentha koma maso ndi makutu, anali katswiri.

Koma ng'anjo si ntchito ya munthu mmodzi, ndipo apa ndi pamene panali kufooka kwake. Pankafunika okumba miyala, odula mitengo, otentha makala, oumba, ovukuta mosinthana, ndi mudzi wa chakudya chokwanira kudyetsa onsewa. Nzeru yake inkasungidwa m'mabanja ochepa, yotchingidwa ndi mankhwala ndi miyambo yodziletsa. Mudzi ukabalalika, nzeruyo inkabalalika nawo. Ndipo midzi ya Ansenga inabalalikadi. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu 1835 n'kukhala zaka zingapo m'dziko la Ansenga, ndipo mwana wake Mpezeni anabwereranso patapita zaka, kutenga anthu ambiri mpaka Angoni ake anafika polankhula Chinsenga. Achikunda nawo ankakwera ndi Luangwa kusaka minyanga ndi akapolo. Asilikali a Britain atagonjetsa Angoni mu 1898, kampani ya British South Africa inabweretsa msonkho wa nyumba wolipira ndi ndalama, kampani ya North Charterland inatenga malo aakulu, ndipo amuna amphamvu anayamba kuwoloka Zambezi pa Feira kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia. Nyengo yachilimwe, imene kale inali yoyengera chitsulo, inasanduka nyengo yosaka ndalama ya msonkho.

Chotsutsa champhamvu ndi chakuti khasu la m'sitolo linali lotsika mtengo, ndipo ng'anjo inkadya makala ochuluka kuti itulutse chitsulo chochepa. Izi n'zoona, ndipo palibe wanzeru amene angafune kuti mlimi wa ku Nyimba adikire ng'anjo kuti apeze khasu, kapena kuti mitengo yathu, yotha kale ndi malonda a makala pa msewu wa Great East, ipsenso poyenga miyala. Koma kutsika mtengo si umboni wakuti chitsulo chathu chinali chosalimba. Livingstone yemweyo anatengera kwawo makasu a kuno ku Africa, ndipo mnzake wa ku Birmingham anasula nawo mfuti. Ku Europe nako anayenga chitsulo m'ng'anjo za mtundu womwewu kwa zaka mazana ambiri, ndipo anazisiya mwa kuzikuza pang'onopang'ono, kulumikiza mvukuto ku gudumu loyendetsedwa ndi madzi. Kuno mpata wotero sunapezeke, chifukwa boma la atsamunda linkafuna manja a Mnsenga ku mgodi, osati nzeru yake pa ng'anjo.

Chimene chinapulumuka ndi chipala. Wosula wa lero satulutsanso chitsulo m'mwala, koma amatenga masipuling'i a galimoto yakufa n'kusula nkhwangwa, kasemasema ndi mipeni. Ambiri anasiya mvukuto wachikopa n'kumanga chokupizira choyendetsedwa ndi gudumu la njinga, chokankha mpweya m'paipi yopita pansi pa makala, ndipo amadziwabe kuwerenga mtundu wa chitsulo chofiira asanachimenye. Pambali pake panabwera mmisiri wina, wowotcherera mageti, mafelemu a mawindo ndi ngolo, amene moto wake umadzera m'mawaya a ZESCO, kampani imene inakhazikitsidwa mu 1970. Lamulo la 2003 linakhazikitsa Rural Electrification Authority kuti magetsi afike kumidzi, ndipo kumene afika ntchito zakuladi. Komabe magetsi ambiri a Zambia amachokera ku madzi, ndipo chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse mu February chaka chimenecho, chinatsitsa kwambiri madzi m'damu la Kariba mpaka magetsi kumazima pafupifupi tsiku lathunthu. Makina owotcherera anangokhala chete m'mashopu, pomwe chipala cha makala sichinkadikira ndandanda ya ZESCO. Masukulu a zaumisiri amene amaphunzitsa achinyamata athu kuyala mawaya ndi kuwotcherera akanachita bwino kuitana osula achikulire a kwa mfumu Kalindawalo ndi kwa mfumu Ndake kuti adzaphunzitse nawo akadali moyo.