Chilatini cha agogo ku Mua

Agogo anga akazi sadapite kusukulu, koma adamwalira akutha kuyimba Credo yonse m'Chilatini osaphonya liwu. Ndikawafunsa tanthauzo lake ankangoseka. "Mwanawe, kodi wovina amafunsa kuti ng'oma ikuti chiyani?" Adakulira ku Mua, m'munsi mwa mapiri a Dedza, kumene ansembe a White Fathers adakhazikitsa mishoni m'chaka cha 1902, patangotha chaka a Montfort atafika ku Nzama.

Misa ya masiku amenewo sinali monga tikuidziwira lero. Wansembe ankayang'ana kuguwa, anthu ali kumsana kwake. Mapemphero aakulu ankawanena monong'ona, ndipo chimene chinkauza mpingo kuti nthawi yopatulika yakwana chinali kabelu ka mnyamata wotumikira. Chinyanja chinkamveka pa ulaliki, pa katekisimu ndi m'nyimbo zina, basi. Wofuna kulandira Ukaristia ankagwada, kulandirira palilime, atasala chakudya ndi madzi omwe kuyambira pakati pa usiku. Lamuloli adayamba kulifewetsa mu 1953. Tangoganizani munthu wochokera kumudzi wakutali, wapansi, kummero kuli gwa!

Ambiri timafulumira kunena kuti makolo athu ankangotsatira za azungu mwachimbulimbuli. Ine ndikukana. Mua ndi dera la Gule Wamkulu, ndipo Mchewa sadadikire mzungu kuti amuphunzitse kuti zinthu zolemekezeka zimakhala ndi chinenero chake chimene sachilankhula pamsika. Kudambwe kuli mawu odziwa olowa okha. Ansembe ndi akuluakulu a Nyau adakokanakokana kwambiri m'zaka za m'ma 1920, kulimbirana ana ndi maliro, komatu mbali zonse ziwiri zinkadziwa kulemera kwa chinsinsi. Ndiganiza kuti n'chifukwa chake Chilatini sichidawathawitse anthu.

Koma tsiku limene agogo ankalikumbuka maso ali mbee ndi la Thupi la Ambuye, Corpus Christi. Chikondwererochi adachilamula mu Mpingo wonse ndi Papa Urban IV mu 1264, ndipo nyimbo zake, monga Pange Lingua, adapeka ndi Thomas Aquinas. Kwathu kuno chimagwa m'mwezi wa May kapena June, chimanga chikulowa m'nkhokwe, mphepo ya chisanu itayamba. Amayi ankasesa njira dzulo lake. Ana ankayenda patsogolo ndi malichero a maluwa, kuwaza pansi. Amuna anayi ankagwira nsalu yotchinga pamwamba pa wansembe wonyamula Ukaristia, lubani akufuka, ndipo mdipiti ukaima onse ankagwada m'fumbi kulandira dalitso. Tsiku limeneli Misa inkatuluka m'tchalitchi n'kuyenda m'njira imene anthu ankadutsa popita kudimba. Mawu anali a ku Roma, koma miyendo, maluwa ndi fumbilo zinali zawo. Madzulo ake, ankatero agogo, nkhuku zinkaona zakuda.

Kusintha kudabwera ndi msonkhano waukulu wa Vatican II, wa 1962 mpaka 1965. Chikalata chake cha pa 4 December 1963 sichidathetse Chilatini ayi, chidangotsegula khomo la zinenero za anthu. Koma khomo litatseguka palibe adabwerera. Pofika 1970 buku latsopano la Misa la Papa Paul VI lidali litatuluka, ansembe adatembenukira kwa anthu, ndipo pang'onopang'ono ng'oma ndi visekese zidalowa m'tchalitchi. Ku Mua komweko, mu 1976, Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a Kungoni, kumene zigoba za Gule zija zidapeza nyumba pabwalo la mishoni. Ansembe a 1920 akadadzuka akadagwira pakamwa.

Ku Ulaya ndi ku America nkhani ya Misa yakaleyo idautsa mapiri pachigwa. Papa Benedict XVI adailola momasuka mu 2007, Papa Francis n'kuimanganso mu 2021. Kwathu mkanganowo sudagwire moto kwenikweni. Agogo adailandira Misa ya Chichewa ndi nthungululu, ndipo mdipiti wa Ukaristia sadauphonyepo mpaka miyendo itakana.

Chimodzi chokha ankadandaula. Ankati masiku ano m'tchalitchi mulibe nthawi imene aliyense amakhala chete, chete weniweni, woti umve kabelu kali patali. Ndidawafunsa ngati angakonde kuti Chilatini chibwerere. Adandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka n'kundituma kukatenga fodya wawo.