Lions Club: zaka zoposa 100 ikulondera maso a anthu

Miyezi ya Malichi ndi Epulo ikafika, m'midzi ya kwa mfumu yaikulu Lukwa m'boma la Kasungu ntchito imakhala m'zigafa. Fodya wauma, ndipo asanadindidwe m'mabelo kuti apite kumsika wa Chinkhoma ayenera kusankhidwa tsamba ndi tsamba, potengera maonekedwe, kutalika ndi kukhwima kwake. Ntchito imeneyi ndi ya maso. Mlimi yemwe maso ake ayamba kuchita chifunga amasakaniza magiredi, ndipo belo losakanikira limagulidwa motsika mtengo, mwinanso kubwezedwa kumene. Ng'ala ikagwira munthu mmodzi imalowa m'thumba la banja lonse, ndipo nthawi zina imatulutsa mwana m'kalasi kuti azitsogolera agogo.

Limodzi mwa mabungwe omwe adamanga mbiri yawo pa nkhani ya maso ndi la Lions Clubs International, lomwe mchaka cha 2017 lidakwanitsa zaka 100. Anthu a ku Kasungu omwe adatumizidwapo kuchipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe chifukwa cha maso adaliona dzinali pachikwangwani cha Lions Sight First Eye Hospital. Chipatala china cha dzina lomweli chili pa Queen Elizabeth Central mumzinda wa Blantyre. Koma si onse omwe amadziwa kuti "mikango" imeneyi ndi ndani.

Chiyambi chake

Bungweli lidabadwira mumzinda wa Chicago ku America. Melvin Jones, yemwe ankachita bizinesi ya inshulansi, adali membala wa gulu la amalonda omwe ankakumana pa chakudya chamasana n'cholinga chothandizana kuti malonda awo aziyenda. Iye adaona kuti nzeru ndi ndalama za anthu otere zikadagwira ntchito yaikulu zikadalunjika kumavuto a anthu owazungulira. Pa 7 Juni 1917 nthumwi za magulu angapo zidakumana ku Chicago ndi kugwirizana zopanga bungwe limodzi, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho msonkhano woyamba waukulu udachitikira ku Dallas. Mchaka cha 1920 kalabu yoyamba ya kunja kwa America idatsegulidwa ku Windsor m'dziko la Canada.

Nkhani ya maso idalowa mu 1925. Kumsonkhano wa chaka chimenecho ku Cedar Point, m'chigawo cha Ohio, kudabwera Helen Keller, mayi yemwe adasiya kuona ndi kumva ali khanda koma adaphunzira mpaka kutenga digiri. Iye adapempha mamembalawo kuti akhale asilikali olimbana ndi khungu. Pempholo lidagwira mitima, ndipo kuyambira pamenepo ntchito ya maso idasanduka chizindikiro cha bungweli. Ndodo yoyera yomwe anthu osaona amayendera, ija imachenjeza oyendetsa galimoto, idatchuka ku America m'zaka za m'ma 1930 kaamba ka khama la makalabu a Lions.

Kwa zaka pafupifupi 70 bungweli lidali la abambo okhaokha. Amayi adaloledwa kukhala mamembala enieni mu 1987, ndipo padapita zaka zina 31 kuti mayi alitsogolere padziko lonse: Gudrun Yngvadottir wa ku Iceland, mchaka cha 2018. Lero lili ndi mamembala pafupifupi 1.4 miliyoni m'maiko ndi m'madera oposa 200, ndipo likulu lake lili ku Oak Brook, pafupi ndi Chicago. Achinyamata ali ndi makalabu awo otchedwa Leo, omwe adayamba mu 1957.

Amatani akakumana?

Kalabu iliyonse imadziyendetsa yokha. Imasankha pulezidenti, mlembi ndi msungichuma omwe amagwira ntchito chaka chimodzi, kuyambira pa 1 Julaye mpaka pa 30 Juni. Munthu amalowa pochita kuitanidwa ndi membala wina. Mamembala amakumana kamodzi kapena kawiri pamwezi, kawirikawiri pa chakudya chamadzulo, ndipo malamulo awo salola kukangana pa ndale za zipani kapena pa zipembedzo. Pamsonkhano pamakhala wina yemwe udindo wake ndi kuseketsa anzake ndi kuwalipiritsa tizindapusa tamasewera: wachedwa, lipira, waiwala baji, lipira. Chaka chilichonse kalabu imachita phwando lokumbukira tsiku lomwe idalandira chikalata chake.

Maphwando amenewa, pamodzi ndi mipikisano ya gofu, magule ausiku ndi maulendo a ndawala, ndiwo amachititsa ena kunena kuti makalabu otere ndi malo osangalalira anthu opeza bwino. Mawuwo ali ndi choonadi chake, pakuti ambiri mwa mamembala ndi amalonda, madotolo, maloya ndi akuluakulu a m'makampani. Koma madyererowo ndiyo njira yosonkhetsera ndalama, ndipo bungweli lili ndi lamulo lomwe mabungwe ena akadachita bwino kutengera: ndalama yomwe yasonkhedwa kuchokera kwa anthu iyenera kubwerera kwa anthu. Zoyendetsera kalabu zimachokera m'matumba a mamembala eni ake. Tingati ndi chimodzimodzi ndi dima wa kumudzi, pomwe olima amamwa thobwa ndi kuimba, koma dzuwa likamapendeka munda wa mnzawo walimidwa.

Ntchito zazikulu, monga kumanga chipatala, kalabu imodzi siingathe. Zotere zimadalira thumba la bungweli lotchedwa Lions Clubs International Foundation, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1968. Mchaka cha 1990 thumbali lidayambitsa ndondomeko ya SightFirst, komwe kudachokera dzina la zipatala za ku Lilongwe ndi Blantyre zija. Mamembala padziko lonse adasonkha madola oposa 140 miliyoni a ku America pa gawo loyamba, ndipo pakati pa 2005 ndi 2008 adasonkhanso oposa 200 miliyoni. Ndalamazi zagwira ntchito yomanga zipatala za maso, kugula zipangizo, kuphunzitsa madotolo ndi anamwino, komanso kulipirira maopaleshoni a ng'ala m'maiko osauka. Kuno ku Malawi makalabu a Lions amapezeka m'mizinda monga Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu.

Chikondwerero cha zaka 100

Msonkhano wokumbukira zaka 100 udachitikira kwawo ku Chicago kuyambira pa 30 Juni mpaka pa 4 Julaye 2017, ndipo kudasonkhana mamembala zikwizikwi ochokera kumbali zonse za dziko. Koma chikondwererochi chidayamba kale mu 2014, pomwe atsogoleri adauza makalabu onse kuti pofika Juni 2018 akhale atathandiza anthu 100 miliyoni pa nkhani za maso, njala, achinyamata ndi chilengedwe. Bungweli lidalengeza kuti chiwerengerocho chidapyoledwa nthawi isanakwane. Kalabu iliyonse idalimbikitsidwanso kusiya chinthu chooneka m'dera lake, kaya chipinda chophunziriramo, kaya mitengo, kaya chipangizo cha kuchipatala.

Polowa m'zaka 100 zachiwiri, bungweli lidawonjezera pantchito zake matenda a shuga ndi khansa ya ana. Shuga sadalowe mwangozi. Matendawa amawononga mitsempha ing'onoing'ono ya mkati mwa diso mwakachetechete, ndipo munthu amadzazindikira kuona kwake kutapita kale. Mosiyana ndi ng'ala, kuona kotayika mwa njira imeneyi nthawi zambiri sikubwerera.

Mtunda wa pakati pa kalabu ndi mudzi

Ng'ala ndiyo imachititsa khungu anthu ambiri, kuno kwathu ngakhalenso padziko lonse, chonsecho imachizika. Dotolo amachotsa kagalasi ka m'diso komwe kachita mtambo ndi kuikamo kena kochita kupanga. Opaleshoniyo kawirikawiri siidutsa theka la ola, ndipo ambiri amayamba kuona mawa lake akangomasulidwa bandeji. M'zipatala za boma wodwala salipira.

Vuto la munthu wa kwa Lukwa lili panjira. Ayenera kuyambira kuchipatala chaching'ono cha m'dera, apite kuchipatala cha boma cha Kasungu, ndipo ngati vutolo n'lalikulu atumizidwe ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 pamsewu wa M1. Wosaona sayenda yekha, ndiye kuti thiransipoti ndi ya anthu awiri, kuphatikizapo chakudya cha womudikirira. Nyengo yomwe banja lili ndi ndalama m'manja ndi ya msika wa fodya, yomwenso ndi nyengo yovuta kusiya zigafa. Pamwamba pa izi pali mantha: ena amakhulupirira kuti diso likangokhudzidwa ndi mpeni latha, choncho amayamba athira mankhwala azitsamba omwe nthawi zina amawotcha diso lomwe likadachira.

Apa ndi pomwe makalabu a m'mizinda amayesedwa. Chipatala chokongola mumzinda ndi theka la ntchito. Theka linalo ndi galimoto yopita kumudzi kukayeza anthu maso ndi kunyamula ofunika opaleshoni. Dziko lino lidaona kale phindu lofikira anthu kwawo: mu Seputembala 2022 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalengeza kuti Malawi wagonjetsa matenda a maso a trachoma, ndipo lidali dziko loyamba kutero kummwera kwa Africa. Boma ndi mabungwe monga Sightsavers adapambana nkhondoyi pogawa mankhwala mudzi ndi mudzi, mothandizana ndi mafumu ndi alangizi a zaumoyo.

Malamulo a Lions amapereka mpata woti ntchito yotere iyambire kudera komweko. Kuti kalabu yatsopano ilandire chikalata pamafunika anthu 20, pomwe nthambi ya kalabu yomwe ilipo kale ingayambe ndi anthu asanu okha. Aphunzitsi, azaumoyo, amalonda ndi eni maesiteti a m'chigawo cha fodya angakwane chiwerengerochi mosavuta. Chopinga ndi msonkho: membala aliyense amapereka kulikulu madola pafupifupi 50 pachaka, kuwonjezera pa zopereka za kalabu yake, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imeneyi yalemera kwambiri m'thumba la Mmalawi.