Bwanji kusiya mizere yomaliza ya fayilo kumavuta?

FUNSO: Akonzi, ndikuphunzira kulemba timapulogalamu pa Linux. Ndikafuna kudumpha mizere yoyamba ya fayilo sizindivuta, koma ndikati ndisiye mizere itatu yomaliza, mpaka thukuta kutuluka. Kodi vutoli linachokera kuti? Ndine wophunzira, ku Zomba.

YANKHO: Zikomo pofunsa, ndipo musadzione ngati mbuli. Vutoli ndi lakale kuposa kompyuta imene mukugwiritsa ntchito.

Gwero lake ndi Unix, imene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba kupanga mu 1969 ku Bell Labs, m'chigawo cha New Jersey ku America. Linux inatengera khalidwe lake kumeneko. Pa Unix, fayilo ya mawu ndi mndandanda wa zilembo basi. Palibe pamene pamalembedwa kuti mizere ilipo ingati. Chimene chimalekanitsa mzere ndi unzake ndi kachizindikiro kosaoneka ndi maso, kamene nambala yake ndi 10 pa ASCII, dongosolo la zilembo limene linatuluka mu 1963. Kachizindikiroka kanachokera ku makina otumizira uthenga a teletype, ndipo ntchito yake inali kukankha pepala kuti mzere watsopano uyambe.

Choncho pulogalamu imawerenga fayilo kuyambira kumutu. Kudumpha mizere itatu yoyamba n'kosavuta: imangowerenga 1, 2, 3, n'kuyamba kutulutsa yotsatirayo. Koma mzere womaliza sudzilengeza. Pulogalamu imadziwa kuti unali womaliza itaudutsa kale, ikapeza kuti kutsogolo kulibe kanthu. Zimavuta kwambiri mawu akamabwera kudzera mu pipe, njira yolumikizira mapulogalamu imene Doug McIlroy analimbikitsa ndipo inalowa mu Unix mu 1973. Mawu oyenda mu pipe ali ngati madzi a mumtsinje: akadutsa adutsa, simungawabweze.

Nanga akatswiri anathana nalo bwanji? Taganizani mbusa amene wauzidwa kuti atulutse mbuzi zonse m'khola koma zitatu zomaliza zitsale, pomwe kuli mdima ndipo sakudziwa kuti zilimo zingati. Mbusa wanzeru amagwira zitatu zoyamba pakhomo. Yachinayi ikafika, amamasula imene inafika poyamba n'kugwira yatsopanoyo. Amatero mpaka khola litatha, ndipo zitatu zimene zatsala m'manja mwake ndi zomaliza zija. Mapulogalamu osiya mizere yomaliza amayenda ndi nzeru yomweyi.

Pulogalamu ya sed, imene Lee McMahon analemba ku Bell Labs m'zaka za m'ma 1970, imasuzumira kutsogolo pang'ono isanatulutse mzere umene ili nawo, kuti ione ngati kukubwera wina. N'chifukwa chake sed '$d' imatha kufufuta mzere womaliza. Chizindikiro cha $ chotanthauza mzere womaliza inachitengera ku ed, pulogalamu yolembera ya Thompson.

Lamulo la head, limene Bill Joy analemba ku Berkeley mu 1977, linkangoonetsa mizere yoyamba. Ndi anthu a GNU, ntchito imene Richard Stallman anailengeza mu 1983, amene pambuyo pake anawonjezera mwayi woika nambala yokhala ndi chochotsera. Motero pa Linux mukalemba head -n -3 n'kutsatiza dzina la fayilo, mupeza mizere yonse kupatula itatu yomaliza. Chenjerani pamenepa: zimenezi sizili mu malamulo a POSIX amene makompyuta a mtundu wa Unix amayendera limodzi, ndiye pulogalamu yanu ikhoza kuyenda bwino kwanu n'kukakana pa kompyuta ina imene head wake si wa GNU.

Mu Python, chinenero chimene Guido van Rossum wa ku Netherlands anatulutsa mu 1991, mukhoza kuwerenga mizere yonse mu mndandanda wotchedwa mizere n'kulemba mizere[:-3]. Njirayi ndi yaifupi, koma imasenza fayilo yonse nthawi imodzi. Fayilo ikakhala yaikulu kwambiri, kompyuta imalemedwa. Zikatero gwiritsani ntchito mndandanda wa mtundu wa deque, wopezeka mu collections ya Python, muzisunga mizere itatu yokha n'kumamasula wakale wina ukafika.

Langizo langa ndi lakuti muyambe mwalemba nokha njira ya mbusa ija, ngakhale lamulo lachidule lilipo. Mukaigwira bwino, mudzatha kuilemba m'chinenero chilichonse, ngakhale tsiku limene head adzakukanani.