Za Mpikisano wa Akanema Awiri pa Chaka cha 1966

Mwa milandu yonse imene anthu aweruza, wovuta koposa ndiwo wa nyimbo. Ife a ku Balaka ndi ku Machinga tichidziwa ichi, pakuti makwaya a sukulu akapikisana, kapena magulu a beni akakomana pabwalo, oweruza atchula wopambana mmodzi, koma anthu abwerera kwao ali kutsutsana njira yonse. Azungu nawonso ali nalo bwalo lotere. Ku Amereka, chiyambire chaka cha 1929, opanga akanema asonkhana chaka ndi chaka napatsana mphotho zotchedwa Oscar. Tsono tifuna kuwafotokozera awerengi athu mlandu umene unaweruzidwa ku Santa Monica pa 18 April 1966, itatsala miyezi yosakwana itatu kuti dziko lathu la Malawi likhale lipabuliki.

Akanema asanu anaimirira kulimbirana ufumu wa chakacho: The Sound of Music, Doctor Zhivago, Darling, Ship of Fools ndi A Thousand Clowns. Koma maso a onse anali pa awiri oyambawo, chifukwa yense wa iwo anatchulidwa m'magawo 10 a mpikisano.

Woyambayo anachokera m'mbiri yoona. Maria Kutschera, wobadwa mu 1905, anaphunzira ntchito ya uphunzitsi, nalowa m'nyumba ya asisitere ya Nonnberg mu mzinda wa Salzburg, m'dziko la Austria. Mu 1926 anamtuma kukaphunzitsa mwana wodwala wa Georg von Trapp, mkulu wa sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi, amene mkazi wake anamwalira namsiyira ana 7. Mu 1927 awiriwo anakwatirana. Pamene chuma chawo chinatayika ndi kugwa kwa banki, banjalo linayamba kuimba pamaso pa anthu, ndipo wowatsogolera anali wansembe dzina lake Franz Wasner. Mu 1938, Hitler atalanda Austria, iwo anachoka napita ku Amereka. Maria analemba buku la mbiri yawo mu 1949. Richard Rodgers ndi Oscar Hammerstein anapeka nyimbo za sewero lake mu 1959. Ndipo Robert Wise anatulutsa kanemayo mu 1965, Julie Andrews nakhala Maria.

Wachiwiriyo anachokera m'buku la Boris Pasternak wa ku Russia, lonena za sing'anga wolemba ndakatulo amene nkhondo ndi kusintha kwa boma zinamlanda nyumba, banja ndi mtendere. Boma la dziko lakelo linakana bukulo, kotero kuti linayamba kusindikizidwa ku Italy mu 1957. Chaka chotsatira Pasternak anapatsidwa mphotho ya Nobel, koma anamkakamiza kuikana, ndipo anthu a kwao sanaloledwe kuliwerenga poyera kufikira 1988. David Lean anajambula kanemayo makamaka ku Spain, ndipo amene anakhala Zhivago ndiye Omar Sharif, mwana wa Afirika wobadwira ku Egypt.

Taonani tsono umo oweruza anagawira nyamayo. Yense wa awiriwo anatenga mphotho 5. The Sound of Music anatenga yaikulu ya kanema wopambana onse, ndi ya wotsogolera, ndi ya kulumikiza zithunzi, ndi ya kumveka bwino kwa mau, ndi ya kukonza nyimbo zopekedwa kale. Koma chodabwitsa nchakuti mphotho ya nyimbo zatsopano inapita kwa Maurice Jarre wa Doctor Zhivago, kanema amene sali wa nyimbo konse. Ndiponso Julie Andrews, amene chaka chapitacho anapambana ndi Mary Poppins, anagonja kwa Julie Christie. Ndipo mayiyu, ngakhale anasewera mu Doctor Zhivago, anapambana chifukwa cha Darling. Motero palibe amene anabwerera ndi ng'ombe yathunthu.

Ena mwa akatswiri olemba m'nyuzipepala ananyoza wopambanayo, nati ali wotsekemera mopitirira, wobisa zowawa za nkhondo. Koma anthu wamba sanawamvere. Anadzaza nyumba za kanema, ndipo pofika kumapeto kwa 1966 ndalama zake zinaposa za Gone with the Wind, amene anatsogola kwa zaka zambiri. Kampani ya 20th Century Fox, imene inatsala pang'ono kugwa ndi ndalama zochuluka zimene inataya pa Cleopatra, inadzukanso. Ife sitizizwa nacho chikondi chimenechi, pakuti mphunzitsi wophunzitsa ana do, re, mi ndiye munthu wodziwika kwa ife. Ndiyo solofa imene mbusa John Curwen anafalitsa ku England, imene inafika kuno ndi sukulu za mishoni.

Komatu makolo anati, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kanemayo aonetsa banja lothawa pansi usiku, kukwera mapiri kulinga ku Switzerland. Zoona zake nzakuti anakwera sitima yapamtunda napita ku Italy. Aonetsa ukwati wochitika mu 1938, pamene unali utatha zaka 11. Aonetsa bambo wouma mtima wodana ndi nyimbo, ndipo ana ake anadandaula kuti atate wawo sanali wotero. Mau oimba amene timva pakamwa pa Christopher Plummer ali a munthu wina, Bill Lee. Ndipo choposa zonse, Franz Wasner, amene anasula mau a banjalo zaka pafupifupi 20, mulibemo. M'malo mwake anaikamo munthu wopeka.

Apa ndipo pagona phunziro lathu. Mphotho ipita kwa ooneka, ndipo wosula aiwalika ngati palibe wolemba dzina lake. Balaka atchuka m'dziko lonse ndi Alleluya Band, imene inayamba pa parishi ya Akatolika mu 1978, m'masiku a Bambo Mario Pacifici. M'menemo munatuluka Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius Banda, amene anamwalira mu 2024. Ndiponso mu 2013 kanema wa Shemu Joyah, The Last Fishing Boat, wonena za asodzi a ku Mangochi, analandira ku Nigeria mphotho ya nyimbo zopambana pa mpikisano wa Africa Movie Academy Awards. Tsiku lidzafika lakuti wina adzapanga kanema wa oimba athu. Nanga adzaipeza kuti mbiri yoona? Tiwapempha aphunzitsi anzathu kuti afunse akuluakulu akali moyo, nalembe maina a otsogolera makwaya, osema ng'oma ndi opeka nyimbo a m'midzi mwawo, pamodzi ndi zaka zawo, kuti wodzayo asadzasowe choona nayamba kupeka.