Mkangano wa shuga ndi manyuchi a chimanga ku America

Lero ndakutengerani mbiri ya mkangano womwe unachitika kutali, ku America, koma phunziro lake likukhudza kapu ya tiyi imene mwamwa m'mawa uno.

Amayi ophika thobwa mukudziwa kuti mukathira chimera m'phala, phalalo limasungunuka n'kuyamba kutsekemera. Chimera chimasandutsa ufa kukhala shuga. Ku America amalima chimanga chambiri, ndipo mafakitale akumeneko ankapanga manyuchi a chimanga mwa njira yofanana ndi imeneyi. Koma shuga wa m'manyuchiwo, wotchedwa glucose, sankatsekemera kwambiri.

Mu 1957, akatswiri awiri, Richard Marshall ndi Earl Kooi, anapeza njira yosandutsira glucose kukhala fructose, amene ndi wotsekemera zedi. Pambuyo pake katswiri wa ku Japan, Yoshiyuki Takasaki, anakonza njirayo kuti itheke m'fakitale. Manyuchi atsopanowa anawatcha high fructose corn syrup.

Chimene chinawatchukitsa ndi mtengo. Mu 1974 shuga anakwera mtengo kwambiri padziko lonse. Mu 1982 boma la America linaika malire a shuga wolowa kuchokera kunja, motero shuga anakhalabe wodula pamene chimanga chinali chotchipa. Pofika 1984, Coca-Cola ndi Pepsi anasiya shuga n'kumathira manyuchiwa m'zakumwa zogulitsidwa ku America. Analowanso m'buledi, m'mabisiketi ndi m'yogati. Anthu ankadya zotsekemera ngakhale m'zakudya zimene sankaziganizira.

Mu 2004, ofufuza atatu, George Bray, Samara Nielsen ndi Barry Popkin, analemba kuti kunenepa kwambiri ku America kunakula m'zaka zomwezo zimene manyuchiwa anafala. Anthu anachita mantha, ambiri anayamba kuwakana.

Apa m'pamene nkhondo ya otsatsa malonda inayambira. Mu 2008, bungwe la mafakitale a chimanga la Corn Refiners Association linalipira mauthenga a pa kanema onena kuti manyuchiwa ndi ochokera ku chimanga, ndipo alibe vuto ngati munthu sakupyola muyeso. Mu 2010 linapempha FDA, bungwe la boma loyang'anira zakudya ndi mankhwala, kuti dzina lisinthe, azitchedwa shuga wa chimanga. Makampani a shuga anakwiya ndipo mu 2011 anakasuma kukhoti kuti awa akunamiza anthu. Mu 2012 FDA inakana dzinalo, ponena kuti shuga ndi wouma pamene manyuchi ndi amadzimadzi. Mlandu unatha mu 2015, atagwirizana kunja kwa khoti, ndipo zimene anagwirizanazo sanaziulule. M'zaka zomwezi, makampani ena anayamba kulemba pa zakumwa zawo kuti zapangidwa ndi shuga weniweni, ngati kuti ameneyo ndi mankhwala.

Koma a shuga nawonso manja awo sanali oyera. Mu 2016 kunapezeka makalata akale osonyeza kuti bungwe la Sugar Research Foundation linalipira akatswiri a ku yunivesite ya Harvard kuti alembe lipoti limene linatuluka mu 1967. Lipotilo linachepetsa mlandu wa shuga pa matenda a mtima n'kuloza chala mafuta. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga zoona zake n'zotani? Shuga wa nzimbe ndi theka glucose, theka fructose. Manyuchi othira m'zakumwa ali ndi fructose magawo 55 pa 100 alionse. Kusiyana kwake n'kochepa, ndipo zikalowa m'thupi zimagwira ntchito pafupifupi mofanana. Fructose amapita kuchiwindi, ndipo akachuluka chiwindi chimamusandutsa mafuta. Zonse ziwiri zikapyola muyeso zimawoletsa mano, zimanenepetsa, ndipo zimatsegulira njira matenda a shuga ndi a mtima. Makampani aja ankalimbirana dzina ndi msika. Funso loti munthu azidya zochuluka bwanji sanalifune.

Kuno ku Mozambique shuga timapanga kuchokera ku nzimbe za ku Xinavane, Mafambisse ndi Marromeu. Wina anganene kuti, "Wathu ndi wa nzimbe, alibe vuto." Ayi abale, amenewo ndi mawu omwe aja a otsatsa malonda.

Mu 2015, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti munthu wamkulu asamapyole magalamu 50 a shuga wothira patsiku, omwe ndi masupuni a tiyi pafupifupi 12, ndipo kutsika mpaka masupuni 6 n'kwabwino koposa. Kachitini kamodzi ka Coca-Cola ka mamililita 330 kali ndi magalamu pafupifupi 35, masupuni oyandikira 9. Mukawonjezera masupuni 4 a m'tiyi wa m'mawa, mwadutsa kale malire nsima yamadzulo isanaphikidwe. Uchi ndi juwisi amawerengedwanso pomwepo. Koma mango, nthochi kapena papaya wodya wathunthu sali m'gulu limeneli.

Choncho werengani masupuni. Ngati mumathira 4, sabata ino thirani 3, lilime lizolowera. Mwana akamva ludzu, m'patseni madzi aukhondo, osati refresko. Pogula, onani zimene zalembedwa pa paketi: açúcar, xarope de milho, glicose ndi frutose, onsewa ndi abale amodzi. Ndipo ngati mukumva ludzu losatha, mukukodza pafupipafupi ndiponso mukuonda popanda chifukwa, pitani kuchipatala akakuyezeni shuga.