Sabata la Dotolo Laws ndi Mai Laws pa Khondowe

Lamulungu liri lonse m'mawa, m'makomboni a Lusaka monga Garden ndi Matero, anthu amabvala zobvala zao zabwino napita ku mapemphero a C.C.A.P. ndi a United Church of Zambia. Koma owerengeka okha adziwa kuti muzu wina wa mipingo imeneyi uli kutali, pa phiri la Khondowe kumpoto kwa Malawi, kumene kunakalambira Dotolo Robert Laws ndi mkazi wace, Mai Margaret Laws.

Dotolo Laws anabadwira ku Aberdeen m'dziko la Scotland m'caka ca 1851. Anafika ku Cape Maclear m'caka ca 1875 pa sitima yochedwa Ilala, ndipo Margaret anamtsata, nakwatirana ku Blantyre m'caka ca 1879. Cifukwa ca malungo mishoni inasamukira ku Bandawe mu 1881, ndiponso ku Khondowe mu 1894. Kumeneko anamanga Livingstonia, nakhala komweko kufikira imvi zinadzaza mitu yao.

Ngakhale atakalamba, sabata lao silinapepuke. Kuyambira Lolemba nchito zinali kumdikira Dotolo mbali zonse. Odwala anali kubwera ndi malungo ndi zilonda, ena atanyamulidwa pa macila kukwera phiri lija kucokera kunyanja. Pocoka kwa odwala anali kuphunzitsa anyamata ofuna ubusa, kapena kuyendera nyumba za nchito kumene ophunzira anali kupala matabwa, kusema miyala ndi kusindikiza mabuku. Iye mwini anaphunzira ukalipentala pa unyamata wace, cotero nchito yopotoka sinali kumbisikira. Usiku anali kukhala pa tebulo nalemba makalata opempha ndalama ku Scotland, pakuti mseu wokhotakhota wokwera phiri, mipope ya madzi ndi magetsi amene anayaka mu 1905 sizinabwere zokha.

Za Mai Laws mabuku sanena zambiri, koma mutu umodzi susenza denga. Iwo anali kuphunzitsa atsikana ndi amai kuwerenga ndi kusoka, kulandira alendo, ndi kusunga nyumba imene anthu sanali kuleka kugogoda. Pofika Lamulungu zipangizo zonse zinali kugona pansi, belu nalira, ndipo onse, amisiri ndi ophunzira omwe, anali kusonkhana kudzamva Mau. M'mawa mwace zonse zinali kuyambanso.

Moyo umenewu unali ndi mtengo wowawa. Ana ao ambiri anamwalira ali makhanda, ndipo mmodzi yekha, Amelia Nyasa, wobadwa mu 1886, ndiye anakula. Mai Laws anamwalira mu 1921. Dotolo anapitirira yekha kufikira 1927, pamene anacoka atatha zaka 52 pa nchito, namwalira ku London mu 1934.

Mbiri yoona siibisa colakwa. Dotolo anali munthu wolimba, wosafulumira kupereka udindo m'manja mwa eni dziko. Abusa oyamba a ciAfrika, Yesaya Zerenje Mwasi, Jonathan Chirwa ndi Hezekiah Tweya, anadzozedwa mu 1914, patapita zaka 39 cifikire mishoni. Charles Domingo, amene analeredwa pa khomo la a Laws natsiriza maphunziro a ubusa, analema kudikira nacoka mu mpingo.

Komabe zipatso zinaoneka, ndipo anazinyamula ndi ophunzira omwewo. M'caka ca 1904 Livingstonia inatuma mphunzitsi David Kaunda ku Chinsali, ndipo nchito yace inabala mishoni ya Lubwa, imene inadzalowa mu United Church of Zambia mu 1965. Mwana wace, Kenneth Kaunda, anakhala Mtsogoleri woyamba wa Zambia mu 1964. M'caka ca 1924 mipingo ya Livingstonia ndi Blantyre inagwirizana kukhala C.C.A.P., ndipo Dotolo Laws ndiye anasankhidwa kukhala mtsogoleri wace woyamba.

Wacinyamata amene watsiriza sukulu amakumbukira zaka zikuluzikulu zimenezi cifukwa anaziloweza pa mayeso. Koma zaka zimenezo zinamangidwa ndi masabata wamba, Lolemba kufikira Lamulungu, a nkhalamba ziwiri zosaleka nchito yao. Akale sananame ponena kuti pang'ono pang'ono ndi mtolo.